Portal yobukitsira mayeso ya ophunzira aulumali kuno ku Ontario, ndaipatsa 4 pa 5

Ndangomaliza kumene teremu yanga yachitatu kuno ku Ontario m'dziko la Canada, ndipo mayeso onse amene ndalemba chibwerereni, kuyambira timakwizi ta mphindi 50 mpaka ma final a mu December ndi mu April, ndawabukitsa pa portal, tsamba la pa intaneti la ofesi yoona za ophunzira aulumali. Anthu angapo akhala akundifunsa kuti zimayenda bwanji, ena ali ndi ana awo amene akufuna kubwera kuno, ndiye ndati ndingolemba kamodzi zonse, zabwino ndi zondipweteka zomwe. Dzina la sukulu sinditchula. Mayunivesite ambiri kuno sapanga okha masisitimu amenewa, amachita kugula ku makampani, moti ngakhale mutapita sukulu ina mukapeza zofananirako, kusiyana kwake mwina mtundu wa mabatani ndi masiku a deadline basi.

Ine ndine wa khungu lachialubino. Maso anga saona patali, amagwedezeka okha, komanso kuwala kukachuluka ndimangoona mbuu ngati wina wandithira ufa kumaso. Ndikamawerenga foni mphuno imachita kugunda pa sikirini. Ku pulayimale kwathu ku Ntcheu ndinkakhala kutsogolo kwenikweni pansi pa bolodi koma olo pamenepo choko sindinkachiona, ndiye ndinkadzuka nkupita kukayang'anitsitsa chilembo chimodzichimodzi anzanga kumbuyo akukuwa kuti ukutitchinga iwe. Manotsi ambiri ndinkakopera madzulo m'kope la mnzanga. Ku koleji kumudzi kuja zinthu zinali bwinoko, koma teremu iliyonse ndinkayenda khomo ndi khomo kugogoda maofesi a aphunzitsi, kufotokoza za maso anga kuyambira pachiyambi, kupempha kuti pepala la mayeso alikulitse. Ena anali anthu abwino zedi, ankakumbukira okha. Ena ankati chabwino tamva, tsiku la mayeso nkundipatsa pepala lomwe lija la aliyense, ine nkumalemba ndi mutu ukuwawa. Ndanena zimenezi kuti mudziwe kumene ndikuchokera ndikamayamikira chinthu chimene ena kuno amangochiona ngati fomu wamba ya pa intaneti.

Choyamba chenjerani ndi liwu loti accommodation. Kwathu tikamva liwu limeneli timaganiza za hostel, malo ogona. Kuno ofesi ya aulumali ikati accommodation ikunena thandizo limene umapatsidwa kuti uphunzire ndi kulemba mayeso mofanana ndi anzako, monga nthawi yoonjezera, pepala la zilembo zikuluzikulu, chipinda chopanda phokoso. Imelo yoyamba imene ananditumizira ndisananyamuke ku Lilongwe ndinangoidumpha poti malo ogona ndinali nditapeza kale, ndipo zinanditayitsa pafupifupi mwezi wathunthu umene ndikanakonzeratu zinthu. Ndikukhulupirira kuti si ine ndekha amene ndinasochera pa liwu limeneli.

Kulembetsa kwake sikovuta. Umalowa ndi login yomwe ija ya sukulu, palibe pasiwedi ina yoti uzisunganso m'mutu, kenako pali fomu imene imafunsa vuto lako, mmene limakusokonezera m'kalasi, ndi thandizo limene unkalandira kumene unachokera. Pamapeto pake amafuna pepala la dokotala. Apa ndiye panandithetsa nzeru chifukwa chimene ndinali nacho ndi kabuku kanga ka kuchipatala kaja, kachikuto kothaitha, kolembedwa pamanja ndi madokotala osiyanasiyana kuyambira ndili mwana, kuphatikizapo kalata imodzi ya tsamba limodzi ya dokotala wa maso. Ndinajambula zonse ndi foni nkutumiza, mtima uli phaphapha kuti andibweza. Sanandibweze. Anandiyankha patatha masiku anayi kuti andipatsa thandizo longoyembekezera la teremu imodzi, uku ndikufufuza dokotala wa maso wa konkuno woti adzaze fomu yawo. Fomu yawoyo sikuti imalimbana ndi dzina la matenda ayi, imafunsa kuti munthuyu amatha kuwerenga zilembo zazikulu bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji asanatope, kuwala kumamutani. Dokotalayo ndinalipira ndekha ndipo inshuwalansi ya bungwe la ophunzira inandibwezera gawo lina, ndiye sungani malisiti.

Ukatumiza fomu umasankha pa portal pomwepo tsiku lokumana ndi mlangizi wako. Wanga ndi mayi wina wachikulire ndithu, wodekha polankhula. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu. Atangoona kuti ndikutsinzinira anadzuka nkukatseka makatani osandifunsa nkomwe, kenako anatulutsa mapepala a zilembo za misinkhu yosiyanasiyana nkuti ndiwerenge ndiwauze pamene maso akupumula. Tinagwirizana saizi 24. Anandilembera nthawi yoonjezera theka, kutanthauza kuti mayeso a maola 2 ine ndimalemba maola 3, kwizi ya mphindi 50 imakhala mphindi 75. Anandilemberanso chipinda cha magetsi ochepa mphamvu, kompyuta yokhala ndi pulogalamu yokulitsa zilembo pa sikirini yotchedwa ZoomText, chilolezo chovala kapusi ndi magalasi akuda m'mayeso, ndi mphindi zopumitsa maso zimene saziwerengera pa nthawi yolemba. Zinazi sindinkadziwa nkomwe kuti munthu angapemphe.

Tsopano chimene ndaipatsira 4 ndi ichi. Zonse zimene tinagwirizana zija zimalowa m'sisitimu, ndipo teremu ikayamba umangotsegula portal, umaona makosi ako onse atandandalikidwa kale, umachonga kosi iliyonse ndi thandizo limene ukulifuna pa kosi imeneyo, nkudina batani. Basi. Kalata imapita yokha kwa mphunzitsi aliyense. M'kalatamo mulibe mawu oti alubino, mulibe dzina la vuto langa, mwangolembedwa kuti wophunzira uyu alandire zakutizakuti. Mphunzitsi akaitsegula ndi kuvomereza ine ndimaona kumbali yanga kuti waiwerenga tsiku lakuti nthawi yakuti. Tsiku loyamba limene ndinadina batani limenelo ndinakhala phee pa mpando kwa kanthawi, chifukwa ndinakumbukira makhonde onse aja amene ndinkaima kudikira kuti bwana atuluke mu miting'i, nditakonzekera mawu anga opepesa ngati ndalakwa kanthu. Munthu amene sanapemphepo chinthu chomwechomwecho kwa anthu 6 teremu iliyonse kwa zaka zinayi sangamvetse kutopa kwake. Sikutopa kwa miyendo ayi, umafika pomadziona ngati ndiwe chimtolo, ndipo nthawi zina umangosiya osapempha kuti asakutope, nkukalephera mayeso amene ukanakhoza. Pano palibe amene ndikumugwadira. Ndipo mphunzitsi sanganene kuti sindinauzidwe poti tsiku ndi nthawi zalembedwa.

Zimenezi sizinangochokera mu ubwino wa mtima wa sukulu. Kuno ku Ontario kuli lamulo la ufulu wa anthu lotchedwa Human Rights Code limene limakakamiza sukulu kupereka thandizo lotere, ndipo limateteza aliyense amene ali m'chigawochi, kaya ndiwe nzika kaya unabwera ndi study permit ngati ine. Kulinso lamulo lina la 2005 lotchedwa AODA lonena kuti malo, ntchito ndi mauthenga zikhale zofikirika kwa anthu aulumali. Kwathu nakonso tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo mabungwe omenyera ufulu wa anthu aulumali ndi achialubino ngati FEDOMA ndi APAM akhala akulankhula kwa zaka zambiri, aphunzitsi a maphunziro apadera akuphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu, ndiye sindikunena kuti kwathu kulibe kanthu. Chimene ndaona kuno nchoti lamulo analisandutsa batani loti wophunzira adine yekha ali kuchipinda kwake.

Nditawaimbira amayi kuwafotokozera anakhala chete kaye, kenako anati, "Ndiye mwananga, aphunzitsiwo sunakawaone nkomwe? Sakuona ngati mwano?" Ndinati ayi amayi, kuno ndi mmene amachitira, komabe ndimapita kukawapatsa moni tsiku loyamba. Anati, "Eya, uzipitabe, makinawo sadzakudziwa nkhope." Ndipo mawu amenewo anadzapherezera mu October.

Kubukitsa mayeso ndi nkhani ina. Kalata ija ikapita sikuti mayeso ako akonzeka ayi. Mayeso aliwonse, olo kakwizi, uyenera kuwabukitsa pawokha kuti akusungire mpando ku malo olembera a ofesiyi. Umasankha kosi, tsiku, nthawi imene kalasi yonse ikulemba, kutalika kwa mayeso, nkuchonga zimene ukufuna tsiku limenelo, sisitimu imawerengera yokha nthawi yako yoonjezera. Pasukulu pathu uyenera kubukitsa kusanatsale masiku 14, ndipo ma final ali ndi tsiku lawo lotsekera limene limafika msanga kwambiri, teremu ili pakati, iwe maganizo a final usanayambe nkomwe. Tsiku likadutsa kalendala imangotseka, tsiku lija silidinikanso. Ndikumvetsa chifukwa chake, ophunzira ndi ambiri, zipinda nzochepa, ayenera kupeza oyang'anira mayeso ndi kusindikiza mapepala apaderadera. Koma katundu yense wokumbukira ali pamutu pa wophunzira, amene ali kale ndi zambiri zomulemera kuposa anzake. Mnzanga wa m'kalasi amangodzuka nkupita kukalemba. Ine ndikhale ndi makosi anayi, iliyonse makwizi atatu, midterm ndi final, ndiye kuti ndibukitse ka 20 pa teremu, ndikaphonya kamodzi ndagwa nayo.

Ndipo ndinagwa nayodi. Kuti ndione bwino ndimakulitsa tsamba mpaka 300 peresenti. Masamba ambiri a pa intaneti ukawakulitsa choncho zinthu zimangotsetsereka pansi mwadongosolo. Tsamba lobukitsira la portal yathu silitero. Lili ndi masitepe asanu, ndipo pa sitepe yomaliza limakuonetsa zonse zimene wasankha, kosi, tsiku, nthawi, pamwamba pali mawu akuluakulu ooneka ngati zatheka. Koma kumunsi kudzanja lamanja kuli kabokosi koti uchonge kuti wavomereza malamulo ndi batani la Submit, ndipo ukakulitsa tsamba ziwirizi zimathawira kunja kwa sikirini, kulibe chilichonse chokuuza kuti kuli zina kumbaliko. Ndinabukitsa midterm ya statistics usiku wina ndili wotopa, ndinaona tsamba lija, ndinati zatheka, nkutseka laputopu. Kutatsala masiku asanu ndinadabwa kuti bwanji imelo yotsimikiza sinabwere. Kutsegula portal, pa mndandanda wa mayeso anga palibe kanthu. Thukuta linandituluka m'manja ngakhale kunja kunali kutayamba kale kuzizira.

Pali fomu ya ochedwa, ndinadzaza usiku womwewo, yankho linabwera m'mawa kuti malo adzaza sabata imeneyo poti ndi nyengo ya ma midterm. Ndinapita ndekha ku ofesi osapangana nawo. Mlangizi wanga uja anandilowetsa pakati pa anthu ena awiri, ndinatsegula laputopu nkuwaonetsa mmene tsambalo limaonekera kwa ine. Anayang'ana, nkuyesa okha kufufuza batanilo, osalipeza mpaka atachepetsa tsamba. Anagwira pakamwa. Pompo anaimbira mphunzitsi wa statistics, amene mwamwayi ndinali nditakamupatsa moni sabata yoyamba monga ananenera amayi ndipo ankandikumbuka, ndipo anagwirizana kuti ndikalembere mu ofesi mwake. Bambo ameneyo anasindikiza yekha mayeso pa mapepala akuluakulu a 11 x 17, poti kuno A3 ndi A4 sagwiritsa ntchito kwenikweni, anazimitsa getsi la pamwamba nkundibweretsera nyale ya pa tebulo, iye nkukhala pakona kumachonga ntchito zina maola onsewo. Ndinakhoza bwino. Koma zikanakhala kuti mphunzitsiyo ndi wovuta, kapena mlangizi ali pa holide, ndikanalemba m'holo ya magetsi owala ngati masana ndi pepala la tizilembo ta nyerere.

Chimandiwawa nchoti tsamba limeneli analipangira ife. Malamulo a pansi pa AODA amati kuyambira pa 1 January 2021 mawebusayiti a mabungwe a boma ndi mabungwe akuluakulu akwaniritse muyezo wa WCAG 2.0 pa mlingo wa AA, umene mwa zina umanena za kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi pamene zalembedwapo, komanso kuti munthu athe kukulitsa zilembo mpaka 200 peresenti popanda kutaya kanthu. Mwina pa 200 batanilo limaoneka, ine ndimafuna 300, ndipo amene amafuna zoposa pamenepo alipo ambiri mwa anthu amene amalowa pa tsamba limeneli tsiku ndi tsiku. Masiku a pa kalendala amene atsekedwa ndi amene ali otsegula amasiyana pang'ono chabe, ena otuwa ena otuwirako, kwa ine onse ndi amodzi. Mnzanga wina wosaona amene amagwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yaulere ija yowerenga zapa sikirini mokweza, anandiuza kuti kalendala yomweyo imamuwerengera manambala okhaokha osanena mwezi. Tinalemba madandaulo tonse awiri. Anatiyankha mwaulemu kuti awatumiza ku kampani imene inapanga sisitimuyo. Pamene ndikulemba pano batani lija likadali komwe lija.

Zina zing'onozing'ono nazi. Ukakhala mphindi zingapo osadina kanthu imakutulutsa, zonse zimene unadzaza nkufufutika, chonsecho anthu amene timawerenga pang'onopang'ono ndife eni ake a tsambali. Siiona kuti nthawi yako yoonjezera ikulowerera mu kalasi yotsatira, uyenera kuzindikira wekha nkupempha kuti uyambe msanga. Pa foni ndiye musayese nkomwe. Ndipo teremu iliyonse uyenera kutumizanso makalata aja, ngati kuti maso anga asintha pa Khirisimasi, ngakhale apa ndiwamvetse poti makosi ndi aphunzitsi amakhala atasintha, ndipo ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Koma zikayenda bwino, abale, zimayenda bwino. Kutatsala masiku awiri imelo imabwera yokuuza nyumba, chipinda ndi nthawi yofika. Final yanga yoyamba mu December kunja kunali sinowo yokhayokha, dzuwa likuwomba pamenepo kuwala kwake ngati malata atsopano, ndinayenda maso ali pafupifupi otseka misozi ikutsika. Kufika, mtsikana wa pa desiki anaona khadi langa, anatenga foni ndi chikwama nkuziika mu loka, nkundiperekeza ku kachipinda kokhala ndi tebulo limodzi. Makatani anali otseka kale. Pa tebulo panali envelopu yolembedwa dzina langa, mkati mwake mapepala a saizi 24, ma graph atawakulitsa lililonse tsamba lakelake, kompyuta itayatsidwa ZoomText ili yotsegula, ndi kapepala kolembedwa ndi chimaka chakuda zilembo zazikulu ngati chala, kuyamba 9:00 kumaliza 13:30. Palibe chimene ndinapempha m'mawa umenewo. Palibe amene anandifunsa kuti kapusiyo bwanji. Ndinakhala pansi maso nkuyamba kuzizirira, nkulemba zimene ndinawerenga.

Kamodzi kokha mu March mphunzitsi wina anachedwa kutumiza pepala la mayeso ku sisitimu, ndiye nditafika anali asanalikulitse. Ndinadikira mphindi 40 pa benchi, koma anandibwezera mphindi zonsezo kumapeto ndipo anapepesa. Apa vuto silinali la portal.

Mulinso zina mu portal momwemo. Pali gawo la manotsi, wophunzira mnzako wa m'kalasi amadzipereka kumaika manotsi ake ndipo iwe umangowatsitsa, iye sadziwa kuti akupita kwa ndani. Kosi ina manotsi ankabwera tsiku lomwelo otayipidwa bwino, kosi ina palibe anadzipereka teremu yonse, ndiye zimenezi musaziwerengere kwambiri. Pali gawo lopempha mabuku kuti akupatse a pa kompyuta oti uzikulitsa, koma amafuna lisiti yosonyeza kuti bukulo unagula, ndipo zimatenga masabata, pemphani teremu isanayambe. Pa nkhani ya ndalama dziwani kuti thandizo la boma logulira zipangizo kwa ophunzira aulumali limayenda limodzi ndi OSAP, ndalama zimene boma limathandizira ophunzira kuno ku Ontario, zimene ife obwera ndi study permit sitilandira. Thandizo la m'kalasi ndi la mayeso ndi laulere kwa aliyense, koma zipangizo zako zapanyumba udziwe wekha. Ine ofesi inandibwereka makina okulitsira zilembo a m'manja kwa teremu imodzi nditafunsa, pa portal sanalembepo paliponse kuti amabwereketsa, safunsa anadya phula. Pa laputopu yanga ndimangogwiritsa ntchito Magnifier imene imabwera kale mu Windows.

Ndiye kwa amene mukubwera, kapena makolo amene mukutumiza mwana, lembetsani mukangolandira kalata yoti mwatengedwa, musadikire kufika, ndipo musachite manyazi kuti adzakuonani ngati odandaula kapena kuti zidzalembedwa pa satifiketi, sizilembedwa pa transcript. Bweretsani pepala lililonse la kuchipatala ngakhale likhale lakale bwanji. Sabata yoyamba ya teremu tengani ma course outline onse, khalani pansi Loweruka limodzi mubukitse mayeso onse a teremu yonse nthawi imodzi, ndipo booking iliyonse musaikhulupirire mpaka imelo yotsimikiza italowa ndipo mwaiona pa mndandanda. Ngati mumakulitsa tsamba ngati ine, pa sitepe yomaliza dinani Ctrl ndi 0 kuti libwerere pa saizi yake, funani kabokosi ndi batani kumunsi kumanja, kenako mukulitsenso.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha batani limenelo ndi kalendala yotuwayo, ndipo sindiibweza mpaka atakonza. Teremu ikubwerayi ndili ndi makosi atatu, ma outline awiri atuluka kale, ndabukitsa mayeso 9 dzulo usiku ndipo maimelo 9 onse alowa. Yachitatuyo ndikudikira mphunzitsi aike masiku.